Kodi Chimanyamula Thiraki N'chiyani, Tayala Kapena Mpweya?

Chakum'mwera kwa mzinda wa Johannesburg, kuja akuluakulu amangoti ku Joni, kuli dera lotchedwa City Deep. Kulibe nyanja, koma anthu amati ndi doko, chifukwa makontena otsika m'sitima zapamadzi ku Durban amafikira kumeneko, ena pa njanji, ena pa mathiraki. Madalaivala ambiri a kwathu kuno amapakira katundu mumzindawu, n'kulowa msewu wa N1 mpaka ku Beitbridge. Akawoloka mtsinje wa Limpopo amadutsa ku Harare, ku Nyamapanda ndi ku Tete, kenako n'kutulukira pa Mwanza. Kuchokera ku Johannesburg kukafika ku Blantyre ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 1,700.

Mukadzaona thiraki yokoka ngolo ziwiri itaima, mudzawerenge matayala ake muli chapatali. Zambiri zimakhala ndi matayala 26: awiri kutsogolo, ena onsewo ali anayianayi pa zitsulo zopingasa zisanu ndi chimodzi. Malamulo a ku South Africa amalola thiraki yotereyi kulemera matani 56, kuphatikiza galimotoyo ndi katundu wake. Nanga ana inu, chimasenza kulemera konseku n'chiyani?

Ambiri angayankhe kuti ndi labala. Koma tatsegulani valavu ya njinga ya kunyumba kuti mpweya wonse utuluke, ndiye mukwerepo. Labala akadalipo, chubu chikadalipo, koma limu yagunda pansi. Chomwe chachokapo ndi mpweya wokha. Ntchito ya tayala ndi kutsekera mpweya kuti usathawe, ndipo mpweyawo ndiwo umasenza katundu.

Mpweya unapangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene timangothamanga uku ndi uku osapuma. Tikatsekeredwa m'tayala timamenya khoma lake mkatimo, ndipo mukamapopa mumachulukitsa tinthuti, khomalo n'kumakankhidwa kwambiri. Mphamvu yokankhayi amaiyeza ndi kachipangizo kotchedwa geji, ndipo muyezo wake ndi bar. Pa matayala ambiri pamalembedwa kPa, ndipo 100 kPa ndiye bar imodzi. Mpira wamiyendo amaupopa cha m'ma bar imodzi. Tayala la galimoto yaing'ono limafuna bar 2 kapena kupitirirako pang'ono. La thiraki limafuna bar 7, 8, mwinanso 9.

Tiyeni tichite kasamu pang'ono, tengani pensulo. Bar imodzi imakankha ngati kilogalamu imodzi pa kamalo ka sentimita imodzi mulitali ndi imodzi mulifupi. Tiyerekeze kuti mbali ya tayala yokhudza phula ndi masentimita 20 mulitali ndi 20 mulifupi. Timalo tating'ono tija tikwanamo 400. Chulukitsani ndi 8, mupeza makilogalamu 3,200. Amenewotu ndi matumba 64 a chimanga a makilogalamu 50, onse atakhala pa kamalo komwe mungakaphimbe ndi zikhatho za anthu awiri kapena atatu. Ine zimenezi zimandidabwitsabe mpaka lero.

Kasamu kameneka kakutiuzanso chinthu china. Mpweya ukachepa koma katundu ali yemweyo, tayala limaphwatalala kuti malo okhudza pansi akule, ndipo m'mbali mwake mumapindika. Likazungulira, mbali yopindikayo imawongoka, ina n'kupindika. Inu amene mumapanga magalimoto amawaya mukudziwa zomwe zimachitika mukamapinda waya uku ndi uku kuti aduke: amatentha mpaka kuwotcha chala, kenako thyo! Mkati mwa tayala la thiraki mulinso mawaya achitsulo. Tayalalo likazungulira kamodzi limayenda mamita atatu ndi pang'ono, choncho pa ulendo wa ku Blantyre limazungulira koposa ka 500,000. Likakhala lofewa limatentha pang'onopang'ono, labala amayamba kulekana ndi mawaya, mapeto ake n'kuphulika. Zina mwa zidutswa zakuda zazitali zimene mumaziona m'mbali mwa msewu wa M1 zinachoka ku matayala otere. Tayala lofewa limalemeretsanso injini, moti dizilo amatha msanga.

Ndiye bwanji osangopopa kwambiri? Nakonso kuli vuto. Tayala lolimba mopitirira limagunda pansi ndi pakati pokha, ndiye pakatipo pamatha msanga m'mbali mukadali mwatsopano. Siligwira bwino msewu mvula ikagwa, limadumphadumpha, ndipo likagwera m'dzenje limavulala mosavuta.

Mulingo woyenera umatengera katundu yemwe tayalalo lasenza. Pambali pa tayala pamakhala manambala, monga 315/80 R22.5, omwe amanena kukula kwake. Pamakhalanso ena, monga 156/150. Nambala 156 ikutanthauza kuti tayalalo likakhala lokha lingasenze makilogalamu 4,000, ndipo 150 ikutanthauza makilogalamu 3,350 likakhala logundizana ndi linzake. Opanga matayala amasindikiza tchati chosonyeza mpweya wofunika pa katundu aliyense. Apa pali chinthu chomwe ambiri sachiganizira. Ku South Africa chitsulo chakutsogolo, cha matayala awiri okha, chimaloledwa kusenza makilogalamu 7,700, pomwe cha matayala anayi chimaloledwa 9,000. Gawani nokha: lakutsogolo lililonse lasenza 3,850, lakumbuyo 2,250. N'chifukwa chake akutsogolo kawirikawiri amawapopa kwambiri kuposa akumbuyo. Apolisi ndi ogwira ntchito pa sikelo za pamsewu, monga ya ku Heidelberg pa msewu wa N3 kapena ya kwathu ku Balaka, amayeza kulemera kwa pa zitsulozi kuti msewu usawonongeke.

Mwina munaonapo dalaivala akuzungulira thiraki yake ndi hamala kapena kachitsulo, akumenya tayala lililonse n'kumatchera khutu. Lolimba limalira mokweza, lakuphwa limangoti phu. Njira imeneyi imathandiza kupeza tayala lomwe laphweratu, makamaka lamkati lomwe silioneka bwino. Koma khutu silingasiyanitse bar 8 ndi bar 7. Dalaivala wosamala amagwada pansi, n'kuchotsa kachivindikiro ka valavu, n'kuikapo geji, tayala lililonse palokha mpaka onse 26. Zimatenga nthawi, inde, koma ndimaona kuti ameneyu ndiye amaidziwa ntchito yake. Matayala awiri ogundizana ayenera kufanana mpweya, apo ayi lolimbalo limasenza katundu wa linzake n'kutha msanga.

Nthawi yoyezera ndi m'mawa, thiraki isananyamuke, matayala akadali ozizira. Mpweya ukatenthedwa, tinthu tija timathamanga kwambiri ndipo geji imakwera. Ku Johannesburg m'miyezi ya June ndi July kumazizira mpaka udzu kuyera ndi chisanu m'mamawa, pomwe ku Tete, m'chigwa cha Zambezi, mu October kutentha kumadutsa madigiri 40. Thiraki ikafika kumeneko masana, itathamanga pa phula wotentha, geji imatha kuonetsa bar imodzi yowonjezera. Wosadziwa angachite mantha n'kuphwetsako. Ameneyo walakwitsa, chifukwa opanga matayala anawerengera kale kukwera kumeneku. Akaphwetsa, usiku tayala likazizira lidzakhala lofewa, ndipo mawa lake lidzatentha kuposa dzulo.

Mvetserani bwino apa. Mpweya wa bar 8 si choseweretsa. Tayala lotere likaphulika limatha kupha munthu. M'magalaja osamala, makaniko akamapopa tayala lomwe angolimanga kumene amaliika mu khola lazitsulo, iwo n'kuima pambali. Inuyo musamayandikire pomwe akupopa tayala la thiraki, ndipo musamasewere kapena kuthawira dzuwa pansi pa thiraki yoima.

Tayala lopopa limene linafala padziko lonse linayambira kwa mwana ngati inu. M'chaka cha 1888, John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto wa ku Scotland yemwe ankakhala ku Belfast, analembetsa tayala la mpweya lomwe anapangira kanjinga ka mwana wake ka matayala atatu, kuti kasamagwedezeke pa misewu yamiyala.

Pali chinanso chokhudza Johannesburg. Mzindawu uli pamwamba kwambiri, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo kumtunda kotere mpweya wakunja ndi wopepukirapo. Geji imayeza kusiyana kwa mpweya wamkati ndi wakunja, choncho tayala lopopedwa ku Durban likafika ku Johannesburg limaonetsa pafupifupi 0.2 bar yowonjezera, ngakhale palibe amene wapopamo. Mungaziyese nokha. Mukadzakwera minibasi kuchoka ku Blantyre kupita ku Chikwawa, tsekani zolimba botolo lapulasitiki lopanda kanthu musananyamuke. Muzikaliyang'ana mukamatsetsereka pa Thabwa, ndipo pofika pa mlatho wa Shire mudzalipeza litafinyika m'mbali.