Mlonda wa Magetsi Amene Sagwira Mbala Zonse

Munthu wochoka m'kati mwa Lusaka kulowera kumwera pa msewu wa ku Kafue, akafika cha ku Lilayi kumene alendo amakhoma mahema awo, adzaona kuti apaulendo a makono, asanakoleze ndi moto womwe, amayamba afunafuna soketi pa chipilala kuti alumikize firiji ya m'galimoto, kompyuta ndi mafoni. Ndipo akatulutsa m'thumba surge protector, kachipangizo kaja ka masoketi ambiri, amakagona mtima uli m'malo. Chikhulupiriro chomwecho chili ndi a ku Kabwata ndi ku Chelstone, mu mzinda wa Lusaka momwemo, makamaka chichitikire chilala cha 2024, pamene madzi anatsika m'damu la Kariba, kampani ya magetsi ya ZESCO n'kumapereka magetsi kwa maola owerengeka okha.

Kachipangizoka sikachinyengo ayi. Magetsi a m'nyumba ku Zambia ndi a mavoliti 230, ndipo m'kati mwa kachipangizoka muli kambale kotchedwa varistor, kamene kamakhala duu masiku onse, koma mphamvu ikangolumpha kwa kanthawi kochepa kuposa kuphethira kwa diso, monga zichitikira magetsi akamabwerera kapena mphenzi ikagwa patali, kamatsegula njira n'kuipatutsa isanafike pa wailesi ya kanema. Pa ntchito imeneyi kamatumikira mokhulupirika, malinga waya wopita m'nthaka akhale wolumikizidwa bwino, chinthu chimene mlendo pa msasa sangachidziwe pongoyang'ana. Komatu nkhonya iliyonse imene kalandira imakadya pang'onopang'ono, kufikira tsiku limene kadzafe mwakachetechete masoketi ake akugwirabe ntchito, mwini nayesabe kuti mlonda ali pachipata.

Chimene chindidetsa nkhawa koposa ndi mbala zimene mlondayu sanalembedwere kuzigwira. Pa msasa, pamene mahema ambiri akoka mphamvu pa chingwe chimodzi chachitali, wina akuwiritsa madzi, wina akusita, magetsi amafooka, ndipo injini ya firiji imavutika n'kutentha kufikira kupsa, surge protector osachitapo kanthu. Waya wa neutral akaduka kapena akabedwa, m'nyumba mungalowe mavoliti oyandikira 400 kwa nthawi yaitali, n'kupsereza varistor pamodzi ndi zonse zimene inkalondera. Chakudza sichiimba ng'oma. Pa zoterezi pafunika chipangizo china, chimene m'masitolo amachitcha fridge guard kapena voltage guard, chimene chimayeza magetsi kosalekeza, n'kuwadula akapyola malire kumwamba kapena pansi, n'kudikira mphindi zingapo chisanawabwezere. Ndipo ine, nditakhala ndi ndalama za chimodzi chokha, ndingayambe ndagulira firiji chimenechi.

Kunena za mphenzi yogwa pa chingwe chenichenicho, m'nyengo ya dzinja yoyambira mu Novembala kufikira Epulo, palibe ka masoketi kalikonse kangaime pamaso pake. Mitambo ikada cha ku Chilanga, mabingu nayamba kugunda, zulani mapulagi onse pakhoma kapena pa chipilala, ndi chingwe cha mlongoti wa kanema chomwe.