Pokhara: Mkangano wa Olondolera Alendo M'mbali mwa Nyanja ya Phewa

Chiyambireni April 2023, pomwe dziko la Nepal lidalamula kuti alendo ochokera kunja asamayende okha m'njira za m'mapiri popanda wolondolera wovomerezeka, nkhaniyi sidazilale ku Pokhara.

Tauniyi ili m'mbali mwa nyanja ya Phewa, makilomita pafupifupi 200 kuzambwe kwa Kathmandu, ndipo ambiri opita ku mapiri a Annapurna amagona kaye pano. Kukacha bwino mu October ndi November, nsonga ya phiri la Machhapuchhre, lotalika mamita 6,993, imaoneka m'madzi ngati pa kalilole.

Tsiku lina m'bandakucha, pakhomo pa nyumba yogona alendo ku Lakeside, dera la m'mbali mwa nyanjayi, bambo wina wa imvi zapatalipatali ankamanga pamodzi zikwama ziwiri za alendo. Kake adakaika pamwamba, kakang'ono ngati ka mwana wasukulu. Adakoleka pamphumi lamba yemwe kuno amati namlo, n'kunjuta, n'kudzuka pang'onopang'ono, mitsempha ya m'khosi itachita kutukuka. Adayenda mapazi atatu, n'kutula, n'kumasulanso chingwe chifukwa katundu ankalemera mbali imodzi. Nsapato zake zidali zachinsalu, zothaitha kuchidendene, koma mfundo zomwe ankamanga zidali za munthu wodziwa ntchito yake.

Ogwirizana ndi lamuloli amaloza anthu ngati bambowa. Iwo amati mlendo akalemba wolondolera, kawirikawiri amalembanso wonyamula katundu, ndipo ndalama zimatsalira kumudzi. Amatinso pa mpata wa Thorong La, mamita 5,416, mpweya ndi wochepa, moti munthu akayamba kumva mutu ndi chizungulire amafunika womuuza kuti atsike msanga. Sadaiwale chimphepo cha chipale chofewa cha mu October 2014, chomwe chidapha anthu oposa 40 m'dera lomweli.

Otsutsa nawo ali ndi mfundo. Njira zambiri za ku Annapurna n'zodziwika kale, ndipo mudzi uliwonse uli ndi malo ogona. Mlendo wa thumba lopepuka, yemwe amakhalitsa milungu itatu akudya mpunga ndi mphodza m'tinyumba ta m'njira, akhoza kungosankha dziko lina, wolira n'kukhala mayi wophika chakudyacho. Chodetsa nkhawa kwambiri n'chakuti lamuloli likunena za wolondolera, pomwe wosenza katunduyo nsapato zake zikadali zomwe zija.

Dzuwa litatuluka, galimoto idatenga bambo uja ndi alendo ake kulowera ku Nayapul. Panyanja, mabwato a mitundumitundu adali atayamba kale kuwolotsa anthu kupita kukachisi wa pachilumba, ena atanyamula maluwa m'manja.