Kodi uvuni wa buledi ungaphunzitse mwana kuganiza payekha?

Mkangano uja wa "sukulu kapena geni" sukutha pa Facebook ndi m'magulu athu a WhatsApp. Wina amaponya chithunzi cha mnyamata wa digiri ali pa kabaza, wina n'kumuyankha kuti wopanda pepala sapita patali. Ine ndimaona kuti mbali zonse ziwiri zagwirizana kale pa chinthu chimodzi osadziwa: zonse zikuganiza kuti mutu ndi manja n'zosiyana, ndiye munthu asankhepo chimodzi. Lero ndikufuna ndikufotokozereni za aphunzitsi amene anakana maganizo amenewa, mpaka ena mwa iwo amatulutsa ana m'kalasi kuti akaponde dothi, amange uvuni, aphike buledi.

Zinayambira kuti?

Mu 1919, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangotha, Emil Molt, mkulu wa fakitale ya ndudu ya Waldorf-Astoria mumzinda wa Stuttgart ku Germany, anapempha Rudolf Steiner kuti ayambitse sukulu ya ana a antchito ake. Dzina loti sukulu za Waldorf linachokera pamenepo. Mfundo yake inali yoti sukulu ilere mwana yense, mutu, mtima ndi manja. Amati ndi maphunziro opita ku ufulu, koma musamve molakwika. Ufuluwo si woti mwana azichita zimene wafuna m'kalasi ayi. Cholinga chake n'choti akadzakula azitha kuganiza payekha ndi kudzisankhira chochita, osangodikira kuuzidwa. Boma la Nazi silinakondwere nazo, ndipo sukulu ya ku Stuttgart inatsekedwa mu 1938. Lero sukulu zoterezi zilipo zoposa 1,000 padziko lonse, kuphatikizapo ya Mbagathi pafupi ndi Nairobi, ya Hekima ku Dar es Salaam, ndi zingapo ku Cape Town.

M'sukulu zimenezi, ana a kalasi yachitatu, a zaka pafupifupi 9, amaphunzira kulima, kumanga ndi kuyeza. Amafesa tirigu, kukolola, kupuntha, kupera, kenako n'kuphika buledi, ndipo m'sukulu zambiri uvuniwo amamanga okha. Aphunzitsi awo amati pa msinkhu umenewu mwana amayamba kudziona kuti ali payekha m'dziko, ndiye kudziwa mmene chakudya ndi nyumba zimapangidwira kumamulimbitsa mtima.

Maganizo ofanana ndi amenewa anabadwanso kwina mosadalira Steiner. Ku Brazil, Paulo Freire ankadana ndi sukulu imene mphunzitsi amangothira mawu m'mutu mwa ophunzira ngati akusungitsa ndalama ku banki, n'kudzazitapa tsiku la mayeso. Pophunzitsa akuluakulu kuwerenga, ankayambira pa mawu a ntchito zawo. Limodzi mwa mawu otchuka ndi tijolo, kutanthauza njerwa. Anthu ankaligawa m'maphatikizo n'kupanga mawu ena, kwinaku akukambirana chifukwa chake womanga nyumba za ena iye alibe nyumba. Asilikali atalanda boma mu 1964 anam'tsekera, kenako anathawira kunja. Ku Tanzania, Julius Nyerere analemba za maphunziro odzidalira mu 1967. Kwathu kuno, John Chilembwe atatsegula Providence Industrial Mission ku Chiradzulu mu 1900, kuwerenga kunkayendera limodzi ndi kusoka, kulima ndi kuumba njerwa.

Uvuni amamanga bwanji, ndipo mwana amaphunziramo chiyani?

Ndifotokoze uvuni wadothi wozungulira ngati chulu, chifukwa sufuna simenti kapena chitsulo. Choyamba ndi maziko a njerwa kapena miyala, ofika cha m'chiuno. Pamwamba pake mumayala mabotolo agalasi opanda kanthu, n'kuwakwirira ndi dothi losakaniza ndi utuchi. Mpweya wa m'mabotolomo umaletsa kutentha kuthawira pansi. Kenako mchenga wosalaza bwino, ndipo pamwamba pake njerwa zootcha zogundana, zimene zidzakhale pansi pa uvuni.

Apa masamu ayamba. Tinene kuti mukufuna mkati mwake mukhale masentimita 70 kuchoka uku kufika uko. Mwana amakhoma msomali pakati, n'kumangirira chingwe cha masentimita 35, n'kuzungulira ndi choko. Akayeza mzere wozungulirawo ndi chingwe apeza masentimita pafupifupi 220. Agawe 220 ndi 70, ndipo 22/7 uja tinkangoloweza wamupeza yekha ndi manja ake.

M'kati mwa mzerewo mumaunjika mchenga wonyowa ngati kachulu kotalika masentimita 40, n'kuuphimba ndi nyuzipepala zonyowa. Ichi ndi chikombole chabe, chidzachotsedwa. Pamwamba pake mumamata dothi lokhuthala masentimita pafupifupi 10. Kawirikawiri amasakaniza ndowa imodzi ya dongo ndi ziwiri kapena zitatu za mchenga, koma dothi limasiyana malo ndi malo. La pachulu si lofanana ndi la kudambo. Ndiye mphunzitsi wanzeru sapereka yankho. Amauza ana aumbe timanjerwa tosakaniza mosiyanasiyana, alembe manambala, atiyanike. Kokhala ndi dongo lambiri kamang'aluka pouma, kokhala ndi mchenga wambiri kamayoyoka. Sayansi ndi imeneyitu: kuyesa, kuona, kulemba, kusankha.

Khomo nalo lili ndi lamulo lake. Omanga mauvuni otere amati kutalika kwa khomo kukhale pafupifupi 63 peresenti ya kutalika kwa denga la mkati. Pa masentimita 40, ndiye kuti khomo ndi masentimita 25. Likatalika kwambiri kutentha kumathawa, likafupika moto umabanika, chifukwa mpweya wozizira umalowera m'munsi mwa khomo pamene utsi umatulukira m'mwamba mwake. Dothi likayamba kulimba mumafukula mchenga uja mpaka mwaona nyuzipepala. Kunja mumamatanso dothi losakaniza ndi utuchi kapena mankhusu a mpunga, kukhala ngati bulangete. Musaiwale kachisakasa pamwamba, apo ayi mvula ya Januwale idzakuphunzitsani phunziro lina. Kenako kudikira kuti uume, n'kumasonkha timoto ting'onoting'ono kwa masiku angapo. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Wopupuluma amang'alula uvuni wake.

Chimene chimadabwitsa ambiri n'chakuti buledi saphikidwa ndi moto woyaka. Mumasonkha moto kwa maola awiri kapena atatu. Poyamba denga la mkati limada ndi mwaye, koma likatentha bwino mwayewo umapsa n'kutha, denga n'kuyera. Pamenepo mumaphula makala onse, kupukuta pansi ndi chisanza chonyowa, kutseka khomo n'kudikira pang'ono kuti kutentha kufalikire paliponse. Chimene chimaphika ndi kutentha kumene dothi lasunga. Buledi amafuna madigiri pakati pa 200 ndi 250. Mulibe choyezera? Wazani ufa pang'ono pansi. Ukada nthawi yomweyo, dikirani kaye. Ukamafiira pang'onopang'ono, lowetsani.

Nanga buledi weniweniyo?

Ophika buledi amawerengera chilichonse potengera kulemera kwa fulawa. Pa kilogalamu imodzi ya fulawa, madzi ndi mamililita pakati pa 600 ndi 650, mchere magalamu 20, yisiti wouma magalamu 10, shuga ndi mafuta pang'ono. Ndiye kuti madzi ndi 60 mpaka 65 peresenti, mchere 2 peresenti, yisiti 1 peresenti. Mwana amene wagwira izi mungamupatse makilogalamu 7 n'kuwerengera yekha zotsalazo. Mtanda wonse umapitirira pang'ono magalamu 1,600, ndiye mutha kudula mabanzi 20 a magalamu 80.

Yisiti ndi kachamoyo. Amadya shuga n'kutulutsa mpweya wa carbon dioxide, ngati mmene masese amachitira thovu. Madzi ofunda amamudzutsa, otentha kwambiri amamupha, ndipo pofika madigiri 60 amakhala wafa. Mukamakanda mtanda, zinthu zina za m'tirigu zimalukana n'kupanga gluten, amene amatamuka ngati labala n'kugwira mpweya uja. Kufufuma n'kumeneko. Chimanga chilibe gluten, n'chifukwa chake chigumu sichifufuma ngati buledi ndipo timachithira soda.

Kuchoka pamenepa funso limabwera lokha: tiriguyo amachokera kuti? Amalimidwa pang'ono m'madera ozizira monga Tsangano ku Ntcheu ndi ku Neno, koma wambiri amene timadya amagulidwa kunja ndi madola. N'chifukwa chake kwacha ikagwa, monga pamene inatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, buledi ndi obama wa pagolosale amamva msanga. Ndipo n'chifukwa chake ophika ena akumasakaniza fulawa ndi mbatata yofiira mkati yophikaphika kapena ufa wa chinangwa, kuti tirigu achepe. Mwana amene wayenda ulendo wonsewu, kuchoka pa dongo mpaka pa dola, akamva pa wailesi za kusowa kwa ndalama zakunja amadziwa kuti zikukhudza tiyi wake wa m'mawa. Kenako aphatikize mtengo wa fulawa, yisiti, shuga, nkhuni ndi nthawi yake, agawe ndi 20, aone ngati banzi limodzi likubweza. Ambiri timayamba geni osachita masamu amenewa, eti?

Tisatengeke, pali zofunika kusamala

Choyamba, ntchito yamanja payokha si ufulu. Lamulo la Bantu Education la 1953 ku South Africa linkaphunzitsanso ana akuda ntchito zamanja, koma cholinga chake chinali chakuti asapitirire pa ntchito yolembedwa ndi mzungu. Kusiyana kwake kuli pa funso loti "chifukwa chiyani". Mwana akamaponda dothi koma osaloledwa kufunsa, kuyeza ndi kusankha, ndiye kuti akungogwira ganyu waulere. Ndipo tonse tikudziwa kuti m'sukulu zambiri khasu ndi chikwakwa zimatuluka pa chibalo. Wachedwa, kalime. Walongolola, kakumbe dzenje. Mwana woleredwa chonchi angalemekeze bwanji ntchito yamanja?

Chachiwiri, sukulu za Waldorf nazo zili ndi zokayikitsa zake. Steiner anali ndi chiphunzitso chake cha zauzimu chotchedwa anthroposophy, ndipo zina zimene ananena zokhudza mitundu ya anthu n'zatsankho, moti mabungwe a sukuluzi anachita kulengeza kuti sagwirizana nazo. Ena amadandaulanso kuti ana amachedwa kuyamba kuwerenga. Zambiri mwa sukuluzi n'zolipira. Ine sindikuti tikopere zonse. Ndikuti titengepo nzeru ya uvuniyo, chifukwa imeneyo ndi ya aliyense.

Chachitatu ndi nkhuni. Mapiri athu ayera kale, ndiye uvuni wosamangidwa bwino ndi mdani wa mitengo. Apa ndi pamene mabotolo ndi utuchi zija zimagwira ntchito. Moto umodzi uphike buledi, kutentha kukatsika mulowe chigumu, kenako mtedza, pomaliza mphika wa nyemba ugone momwemo. Zitsononkho ndi nthambi zotengulira zimayaka bwinobwino. Ndipo gulu lililonse lomanga uvuni libzalenso mitengo yake.

Chachinayi ndi chitetezo. Moto ndi makala azigwira ndi akuluakulu, ndipo ofuna kugulitsa akafunse kaye ku khonsolo za chilolezo ndi ukhondo.

Nanga kuno kwathu zingatheke?

Sitikuyambira pa ziro. Kupulayimale kuli kale maphunziro a ulimi, sayansi ndi luso, kungoti nthawi zambiri amathera pa bolodi chifukwa PSLCE imayesa zolemba. Sukulu zambiri zili ndi khitchini ya phala, monga za Mary's Meals, imene inayambira ku Malawi konkuno mu 2002. TEVETA ilipo kuchokera mu 1999, koma ambiri amaiganizira pokhapokha MSCE ikavuta, ngati kuti luso ndi chipukuta misozi. Ndipo m'makwalala mwathu muli amayi ndi abambo amene akhala akuphika masikono m'mauvuni a njerwa kwa zaka zambiri. Amenewa ndi aphunzitsi kale, sanaitanidwe chabe.

Mphunzitsi mmodzi wokhala ndi ana 100 m'kalasi sangazithe yekha, zimenezo n'zoona. Koma kalabu ya Loweruka ya ana 15 kapena 20, mayi mmodzi wodziwa kuphika, mmisiri mmodzi wa njerwa, ndi achinyamata awiri atatu a masamu abwino amene akungokhala pakhomo, zikhoza kuyenda. Dongo n'laulere, mabotolo ali mbwee kumabala, utuchi akalipentala amachita kutaya. Chogula ndi njerwa zochepa, fulawa ndi sikelo. Ana azikhala ndi kope lolembamo muyezo uliwonse, ndipo uvuni ukang'aluka asakalipiridwe, afufuze chimene chachititsa.

Ngati muli mu komiti ya sukulu, PTA kapena gulu la achinyamata la kutchalitchi kapena kumzikiti, kayambitseni nkhaniyi pa msonkhano wotsatira, ndipo nthawi yabwino yomanga ndi chilimwe dothi likamauma msanga. Inu amene muli ndi uvuni kunyumba, tiuzeni m'munsimu: dothi lanu mumasakaniza bwanji, ndipo moto umodzi umakuphikirani mathireyi angati?