Malaiti akapita pa praise, slash chord ingakupulumutseni

Aliyense amene amayimba mu praise team ku Kapata, ku Mchini kapena ku Magazine aziba vamene vimachitika malaiti akapita pakati pa nyimbo. Keyboard zii, besi zii. Chotsala ni gitala imodzi ya bokosi, ndipo mpingo wonse maso pa mwini gitala. Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, load shedding inatiphunzitsa kuti gitala yosafuna magetsi ndiye bwenzi lenileni.

Vuto ni lakuti ambiri amene anaphunzira gitala pa YouTube kapena kwa mnzao pakhonde amaziba C, G, Am na F chabe. Machord aya ni abwino, koma besi ikachoka nyimbo imauma. Chimene chimasowa ni kamayendedwe ka mau apansi kamene kamatenga khutu kuchoka pa chord iyi kufika pa yotsatira. Mankhwala ake ni slash chord, ndipo nthawi zambiri ni nkhani yosuntha chala chimodzi kapena viwiri.

Tanthauzo la kamzere kaja

Mukaona G/B kapena D/F# pa pepala la nyimbo, musachite mantha, komanso musaganize kuti akuti musankhe imodzi mwa ziwirizo. Chilembo cha kumanzere ni chord imene muyimba. Cha kumanja ni noti imene iyenera kumveka pansi kwambiri. G/B ndiye kuti G major, koma B ndiye ali pa besi.

Palibe chachilendo chimene mwaonjezera. G major ili na manoti atatu, G, B na D. D major ili na D, F# na A. Mwangotenga noti imene inali pakati n'kuiika pansi. Banja ni lomwelo, amene wakhala pakhomo ndiye wasintha.

Kwa ife kuno khutu linazolowera kale zimenezi. Mu kalindula, besi siikhala malo amodzi, imayenda, ndipo ndiye imanyamula ovina. Mabandi a kumudzi amachita izi pa babatoni, besi yaikulu yopanga pamanja. Slash chord imakulolani kuchita kantchito ka babatoni pa gitala yomweyo imene mukukwapula.

Tisanayambe, tigwirizane mawerengedwe. Waya 6 ni yonenepa ija ya pamwamba, waya 1 ni yowonda ya pansi. Kuchoka pa 6 kufika pa 1 zimachunidwa E, A, D, G, B, E. Chala 1 ni cholozera, 2 chapakati, 3 chotsatira, 4 kachala kakang'ono.

Yoyamba: G/B

Gwirani C mwa masiku onse. Manje chala 2, chimene chili pa waya 4 fret 2, chikwezeni pa waya 5 fret 2. Iyo ndiye B. Chotsani chala 1 na chala 3, ndipo kachala kakang'ono kakhale pa waya 1 fret 3. Waya 4, 3 na 2 zilire zosagwira. Waya 6 isalire.

Yimbani C, G/B, Am. Mvetserani pansi: C, B, A, besi ikutsika masitepe. Mukafuna chitsanzo chimene aliyense aziba, No Woman, No Cry ya Bob Marley, imene inatuluka mu 1974 pa chimbale cha Natty Dread, imayenda pa C, G/B, Am na F. Yesani kuiyimba na G wamba, mudzamva kuti besi yadumpha m'malo motsika.

Chenjezo lili pa waya 6. Ikalira yosagwira, pansi pamakhala E, ndipo chimene mukuyimba chasanduka Em7, osati G/B. Yambani kukwapula pa waya 5, kapena nsonga ya chala 2 ikhudze waya 6 pang'ono kuti ikhale chete.

Yachiwiri: D/F#

Iyi ni ya nyimbo za mu G, ndipo makolasi ambiri a m'tchalitchi amayimbidwa mu kiyi imeneyi. Gwirani D mwa masiku onse, ndiye chala chachikulu chizungulire kuseri kwa khosi la gitala n'kudina waya 6 pa fret 2. Iyo ndiye F#. Osachita manyazi ati ni kubera: Jimi Hendrix anali kugwira besi na chala chachikulu.

Ngati dzanja ni laling'ono, kapena gitala yanu ni ija ya waya za nayiloni ya khosi lalikulu, pali njira ina. Chala 1 pa waya 6 fret 2, chala 2 pa waya 3 fret 2, chala 3 pa waya 2 fret 3. Waya 4 ilire yosagwira. Chala 1 chigonere waya 5 kuti isalire, ndipo waya 1 muileke. Yimbani G, D/F#, Em. Besi iyenda G, F#, E. Ibwezeni chokwera, Em, D/F#, G, mudzamva mpingo ukunyamuka nayo.

Yachitatu: C/G

Iyi siyotsikira, ni yolemeretsa. Pa C yanu, chala 3 chikwere pa waya 6 fret 3, ndipo kachala kakang'ono katenge malo ake pa waya 5 fret 3. Manje waya zonse 6 zingalire. Mukakhala mweka popanda wa besi, C/G imadzaza chipinda kuposa C wamba.

Kaphunziridwe kake

Osathamanga. Ikani metronome ya pafoni pa 60, chord iliyonse muipatse kugunda kunayi. Pa kugunda koyamba tolani waya ya besi yokha, pa kutatu kotsala kwapulani zina. Besi ikamveka yoyera, onjezerani liwiro pang'ono pang'ono. Mphindi 10 tsiku lililonse zimaposa maola awiri pa Loweruka usiku, mukuthamangira Sondo.

Ngati F# ikulira ngati njuchi, chala chili kutali na kachitsulo ka fret, chisendezeni pafupi. Ngati mukudina mpaka chala kuwawa koma siikumveka, onani gitala. Zambiri zotchipa zimakhala na waya zokwera kwambiri, ndipo amene aziba kukonza angazitsitse. Nyengo ya mvula pukutani waya na kansalu kouma mukasiliza, chifukwa thukuta na chinyontho vimabweretsa dzimbiri.

Kwaya ikakamba kuti C yatsika maningi, musasiye zimene mwaphunzira. Ikani capo pa fret 2 n'kugwira C, G/B, Am, F monga kale. Zimene zikumveka ni D, A/C#, Bm na G, ndipo besi ikutsikabe masitepe ake.

Malaiti akabwera

Apa ndiye mabandi ambiri amasokonezana. Noti ya kumanja kwa kamzere kwenikweni ni ya woyimba besi. Inu mukagwira G/B koma ba besi n'kumenya G, mau ao ali pansi kuposa anu, ndipo anthu adzamva G wamba. Kutsika kuja kwafa. Choncho pa rehearsal uzanani: pa G/B ba besi apite pa B, ndipo ba keyboard aike B ku dzanja lamanzere na G ku dzanja lamanja. Akatero, inu mungagwire G wamba osavutika.

Ichi n'chofunika kwa amene akufuna kuyitanidwa pa maukwati na ma kitchen party, kaya mu tauni kaya ku Katete na ku Lundazi. Amene amalipira sangazibe kuti D/F# ni chani, koma amamva kusiyana pakati pa gitala imene ingokwapulidwa na imene imayendetsa nyimbo.

Homuweki ya sabata ino ni iyi. Sankhani kolasi imodzi imene mumayimba kale. Pezani pamene C imapita ku Am, kapena G imapita ku Em. Pa kugunda komaliza musanasinthe, lowetsani G/B kapena D/F#. Musauze munthu, muone ngati ba choirmaster sadzacheuka.