Kubedwa kwa Anthu Amalonda Kunja: Chakudza Sichiyimba Ng'oma

Masiku ano ambiri mwa abale athu amayenda maulendo a malonda. Ena amatumidwa ndi makampani awo ku misonkhano, ena amakagula katundu ku Johannesburg, Dar es Salaam, Maputo kapena Dubai. Tikamawaperekeza timadera nkhawa za ngozi za pamsewu ndi akuba a m'matumba. Koma pali vuto lina lomwe sitikambirana kawirikawiri: kuba munthu ndi cholinga chofuna ndalama.

Kodi kuba munthu n'kutani?

Uku ndi kugwira munthu mokakamiza ndi kumusunga pamalo obisika mpaka achifwamba atapeza chomwe akufuna. Pali njira ziwiri zodziwika. Yoyamba ndi yosunga munthu masiku kapena miyezi, uku akuopseza banja lake kapena kampani yake kuti ipereke dipo. Yachiwiri ndi yachangu: amamugwira maola ochepa, n'kumukakamiza kutapa ndalama pa makina a ATM kapena kuzitumiza pa foni yake, kenaka n'kumutaya panjira.

Vutoli si nthano. Apolisi a ku South Africa adalandira milandu 17,061 ya kuba anthu m'chaka cha 2023/24, pomwe mu 2014/15 idali 4,692. Yoposa theka idachitika m'chigawo cha Gauteng, momwe muli Johannesburg. Yambiri mwa milanduyi imayendera limodzi ndi kulanda galimoto kapena kuba katundu. Ku Mozambique nako, kuyambira cha m'ma 2011, amalonda ambiri ndi abale awo akhala akubedwa m'mizinda ya Maputo, Matola ndi Beira.

Achifwamba amayamba ndi kuonerera

Mfundo yofunika kuigwira ndi iyi: ofuna dipo sagwira munthu mwangozi. Amayamba amuphunzira. Amadziwa komwe amagona, nthawi yomwe amatuluka, njira yomwe amadzera ndi galimoto yomwe amakwera.

Pa 11 Okutobala 2018, Mohammed Dewji, mmodzi mwa amalonda olemera kwambiri ku Tanzania, adagwidwa ndi anthu a mfuti m'mamawa ku Dar es Salaam, akufika pa hotela pomwe ankachitira masewera olimbitsa thupi. Adamasulidwa pa 20 Okutobala. Taganizani: uyu adagwidwa mumzinda wakwawo, momwe amadziwa misewu ndi anthu. Nanga mlendo wosadziwa chiyankhulo, wosadziwa kolowera, ali pangozi yotani?

Tisaganize kuti izi n'za mabwana okha. Kwa munthu wosowa, mlendo aliyense wonyamula chikwama cha ndalama zogulira katundu ndi bwana.

Musananyamuke

1. Funsani omwe adapitako kale za malo oopsa a mumzindamo. Safunsa adadya phula.
2. Munthu mmodzi wodalirika kunyumba kapena kuntchito adziwe ulendo wanu wonse, ndipo mugwirizane nthawi yoimbirana foni tsiku lililonse. Ena onse sayenera kudziwa.
3. Musalengeze ulendo wanu pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp. Zithunzi mudzaonetsa mukabwerako.
4. Lembani papepala manambala a ofesi ya kazembe wa dziko lanu, chifukwa foni ikhoza kulandidwa.
5. Ngati mwaitanidwa ndi munthu yemwe mudangodziwana naye pa intaneti, fufuzani kaye ngati kampani yake ilipodi. Phindu lokoma mopitirira muyeso kawirikawiri ndi nyambo.

Mukafika

1. Dziwiranitu dzina ndi nambala ya galimoto ya wodzakulandirani pa bwalo la ndege. Dzina lanu lolembedwa pachikwangwani si umboni. Aliyense angathe kulikopera.
2. Kwerani takisi yoitanidwa ndi hotela, osati yoimitsa pamsewu.
3. Sinthasinthani nthawi ndi njira zanu.
4. Zokambirana za malonda zichitikire poyera, masana. Akasintha malo mwadzidzidzi, kanani.
5. Siyani mawotchi odula ndi zovala zolembedwa dzina la kampani. Musauze woyendetsa takisi kapena wantchito wa pahotela za udindo wanu ndi ndalama zomwe mwatenga.
6. Mukaona nkhope imodzi kapena galimoto imodzi kawiri katatu m'malo osiyana, musanyozere. Lowani pomwe pali anthu ambiri ndipo dziwitsani apolisi.

Zikachitika

Musalimbane ndi munthu wa mfuti. Dekhani, mverani, ndipo musaopseze kuti mudzawazindikira. Idyani chomwe akupatsani kuti musafooke. Ndalama zimapezeka zina, koma moyo ulibe sitolo.

Inu otsala kunyumba, dziwitsani apolisi ndi ofesi ya kazembe mwamsanga. Sankhani munthu mmodzi woyankhula ndi achifwambawo. Musanachite chilichonse, pemphani kumva mawu a mbale wanuyo, kapena afunsidwe funso lomwe yankho lake amalidziwa yekha. Pali akathyali ena omwe amangoimba foni kunama kuti agwira munthu, chonsecho iye ali bwinobwino ku msonkhano.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi ndi zizolowezi ziti zomwe zimaulula kwa alendo kuti tanyamula ndalama?
2. Mbale wathu atapanda kuimba foni pa nthawi yomwe tidagwirizana, tingayambire pati?