Galimoto Ikakana Kulira, Musafulumire Kuimba Mlandu Batire

M'miyezi ya June ndi July, pamene kuzizira kwa usiku mu Lusaka kumatsika pansi pa madigiri 10, si chachilendo kuona bambo wovala taye akukankha galimoto m'mamawa ku Kabwata kapena ku Chelstone, ana a sukulu ali m'kati, mayi ali pa chiwongolero. Mukafunsa chavuta, yankho limakhala limodzi: batire latha. Tsiku lomwelo bamboyo amalowa m'tauni kukagula latsopano, ndalama za ufa ndi za sukulu n'kuthera pomwepo. Chomvetsa chisoni n'chakuti ena mwa iwo, pakangopita milungu iwiri, amapezeka akukankhanso galimoto yomweyo.

Chifukwa chake n'chakuti batire siligwira ntchito lokha. Lili ndi anzake awiri, sitata ndi alternator, ndipo atatuwa ali ngati mafuwa: limodzi likapendekeka, mphika wonse umagwa. Nkhaniyi si ya ndalama zokha ayi. Galimoto ya pabanja ndi imene imathamangira ku chipatala cha UTH kapena cha Levy Mwanawasa pakati pa usiku mwana akadwala, kaya mayi woyembekezera nthawi yake ikakwana. Pa ola ngati limenelo palibe sitolo yotsegula, ndipo okankha ali m'tulo.

Ntchito ya atatuwa

Mtundu wa batire umene uli m'magalimoto ambiri unapangidwa koyamba ndi Gaston Planté wa ku France m'chaka cha 1859. M'kati mwake muli zipinda 6, ndipo m'chipinda chilichonse muli mapuleti a mtovu omizidwa m'madzi osakaniza ndi asidi. Chipinda chimodzi chimapereka mavolti 2.1, kotero kuti batire lodzaza bwino limasonyeza mavolti 12.6. Ntchito yake yaikulu ndi kupereka mphamvu yochuluka kwa masekondi ochepa okha pamene mukuliza injini.

Mphamvu imeneyo imapita ku sitata, kainjini ka magetsi kokhala ndi kagudumu ka mano kamene kamaluma gudumu lalikulu la injini n'kulizungulitsa. Kale anthu ankaliza galimoto popukusa chitsulo ndi dzanja kutsogolo, ndipo chitsulocho chikabwerera mwadzidzidzi chinkathyola mikono. Charles Kettering wa ku America ndiye anakonza sitata imene inaikidwa m'magalimoto a Cadillac m'chaka cha 1912. Ngakhale ndi yaing'ono, sitata imakoka magetsi ambiri kuposa nyali zonse, wailesi ndi hutala pamodzi, ndipo ya injini ya dizilo imakoka koposa pamenepo.

Injini ikalira, ntchito imatsala m'manja mwa alternator. Iyo imazunguliridwa ndi lamba wochokera ku injini, imapanga magetsi onse amene galimoto ikufuna poyenda, ndiponso imabwezera m'batire zimene sitata yatapamo. Tinganene kuti batire ndi nkhokwe, alternator ndiye munda. Munda ukaleka kubala, ngakhale mumange nkhokwe yatsopano yokongola, njala ikupezanibe. Ichi ndicho chimachitikira munthu wogula batire latsopano pamene alternator yake yafa.

Zimene zimafupikitsa moyo wa batire mu Lusaka

Batire losamalidwa bwino limakhala zaka 3 mpaka 5, koma pali zinthu zingapo mumzinda muno zimene zimalipha msanga. Choyamba ndi kutentha. Anthu ambiri amaganiza kuti chisanu ndicho chimawononga batire, pamene wowononga weniweni ndi dzuwa la October, limene limaumitsa madzi a m'kati ndi kudya mapuleti. Chisanu cha June chimangoulula matenda amene analowa kale, pakuti kukazizira batire limafooka ndipo oyilo wa mu injini amalimba, motero sitata imafuna mphamvu yambiri kuposa masiku onse.

Chachiwiri ndi maulendo aafupi. Munthu wochoka ku Kabwata kupita ku Cairo Road amafika alternator isanamalize kubweza zimene sitata inatenga. Wa ku Chelstone ulendo wake ndi wotalikirapo, koma akaima nthawi yaitali pa mzere wa magalimoto mu Great East Road, injini ikungoguguda pang'onopang'ono, nyali, wailesi ndi zopukutira galasi zonse zikugwira ntchito, zolowa m'batire zimakhala zochepa. Zikamachitika tsiku ndi tsiku, batire limakhala losakhuta mpaka kufooka.

Chachitatu ndi kuimika galimoto. M'mabanja ena a ku Woodlands ndi ku Kabulonga muli galimoto yachiwiri imene imatuluka mwa apo ndi apo, ndipo ena amaimika yawo chifukwa cha kukwera mtengo kwa mafuta. Komatu alamu, wotchi ndi kompyuta ya galimoto zimayamwa magetsi usana ndi usiku. Ngati galimoto ikhala milungu yoposa iwiri osayenda, chotsani waya wa ku mutu wa batire wolembedwa chizindikiro cha (–), apo ayi muziiyendetsa kwa theka la ola kamodzi pa mlungu.

Chachinayi ndi kuzima kwa magetsi. M'chaka cha 2024, chilala chitatsitsa madzi a m'nyanja ya Kariba, ZESCO inkazimitsa magetsi maola ambiri pa tsiku, nthawi zina oposa 17. Mabanja ena anayamba kuchotsa batire m'galimoto madzulo kuti aunikire m'nyumba, aonere TV ndi kutchaja mafoni. Nzeru imeneyi imaoneka yabwino, koma batire la galimoto silinapangidwe kuti lizikamidwa mpaka kuuma. Likatheratu kangapo, mapuleti ake amakutidwa ndi zolimba zoyera zimene sizichokanso, ndipo silidzadzazanso ngati kale. Za m'nyumba zili ndi mabatire akeake, monga aja ogwira ntchito ndi sola.

Mverani zimene galimoto ikunena

Galimoto ikakana kulira, yatsani nyali za kutsogolo, kenaka potozani kiyi wina akuyang'ana nyalizo. Zikachita mdima kwambiri, mukumva kuti ke-ke-ke mofulumira kapena injini ikuzungulira molemera, ndiye kuti batire lafooka, kapena mitu yake ndi yakuda ndi yosamangika. Yambani mwaona mituyo, chifukwa nthawi zambiri vuto limathera pomwepo popanda kutaya ngwee ndi imodzi yomwe.

Nyali zikakhalabe zowala, inu n'kumva kugogoda kumodzi kokha kapena osamva kanthu, batire lilibe mlandu. Vuto lili ku sitata, ku mawaya ake, kapena pamene pamalowa kiyi. Ngati galimoto ndi ya otomatiki, onetsetsani kuti giya ili pa P kapena pa N. Sitata ikamazungulira yokha mopepuka injini ili chete, mano ake sakuluma. Koma injini ikamazungulira mwamphamvu osalira, atatu athu aja ali bwino. Funani vuto ku mafuta kapena ku mapulagi.

Musapotoze kiyi kopitirira masekondi 10 nthawi imodzi. Dikirani theka la mphindi musanayesenso, chifukwa sitata imatentha msanga ndipo ikhoza kupsa. Madalaivala ena amaigogoda ndi sipanala, galimoto n'kulira. Zimatero chifukwa mabulashi a m'kati atha ndipo kugogodako kumawagunditsa kwa kanthawi. Limeneli ndi chenjezo chabe, si mankhwala. Makanika wa zamagetsi angathe kusintha mabulashiwo pa mtengo wotsika kwambiri kuposa wa sitata yathunthu. M'nyengo ya mvula pewani kuwoloka zithaphwi zakuya, popeza m'magalimoto ambiri sitata imakhala cha m'munsi, kumene madzi ndi matope zimafika.

Pa dashibodi pali kanyali kofiira kojambulidwa batire. Kayenera kuyaka mukapotoza kiyi ndi kuzima injini ikalira. Kakayaka muli pa ulendo, sikakunena kuti batire lafa, kakunena kuti alternator yaleka kulidyetsa. Imani pamalo abwino ndi kuona lamba. Ngati waduka, musapitirize, chifukwa m'magalimoto ambiri lamba yemweyo ndiye amazunguliza pampu ya madzi oziziritsa injini. Ngati alipo, zimitsani zonse zosafunika ndipo pitani kwa makanika mosazengereza.

Kuyeza kumaposa kulota

Kachipangizo koyezera magetsi kotchedwa multimeter kamagulitsidwa m'masitolo a zamagetsi m'tauni, ndipo mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi wa batire. Yezani m'mawa galimoto itagona usiku wonse. Mavolti 12.6 ndiye kuti batire ladzaza, 12.2 lili pafupifupi theka, ndipo pansi pa 12 latsala pang'ono kutheratu. Pamene wina akuliza injini, nambala isatsike kwambiri pansi pa 10. Injini ikalira, iyenera kukwera kufika pakati pa 13.8 ndi 14.5, ngakhale kuti magalimoto ena atsopano amaisinthasintha okha. Ikangokhala pa 12, alternator sikutchaja. Ikapitirira 15, ikutchaja mopyola muyeso: batire limawira, limanunkha ngati dzira lovunda, ndipo mababu amapsa kawirikawiri.

Pali chizolowezi china choipa chimene chinatsalira kuchokera ku magalimoto akale, chochotsa waya wa batire injini ikulira pofuna kuona ngati alternator ili moyo. Musalole munthu aliyense kuchita zimenezi pa galimoto yanu. Magalimoto a ku Japan amene adzaza m'misewu yathu amayendetsedwa ndi kompyuta, ndipo magetsi akalumpha mwadzidzidzi ikhoza kupsa pamodzi ndi alternator yomwe.

Ntchito ya kamodzi pa mwezi

Zimitsani injini, chotsani kiyi, vulani mphete ndi wotchi yachitsulo. Ngati pa mitu ya batire pamera zoyera kapena zobiriwira ngati ufa, masulani waya wa (–) poyamba, kenaka wa (+). Tsukani ndi madzi ofunda osungunuliramo soda wophikira, osalola kuti alowe m'kati, palani ndi bulashi, pukutani, ndipo pobwezera yambani ndi (+), (–) pomalizira. Mukamanga zolimba pakanipo Vaseline pang'ono. Onaninso chitsulo chogwira batire, chifukwa likamadumphadumpha m'maenje a mumsewu mapuleti amathothoka.

Ngati batire lanu lili ndi zotsekera pamwamba, tsegulani muone ngati madzi akuphimba mapuleti. Akachepa, onjezani madzi a batire ogula m'botolo okha basi. Asidi saonjezedwa, ndipo madzi a pampopi kapena a pamjigo mu Lusaka ali ndi laimu wambiri amene amawononga mapuleti. Pomaliza onani lamba: ngati wang'ambikang'ambika, kapena amalira ngati mluzu m'mawa, afunika kumangidwa kapena kusinthidwa.

Kujampa ndi ngozi zake

Batire limatulutsa mpweya wa hydrogen umene umaphulika ukakumana ndi moto, choncho fodya ndi machesi zikhale kutali. Pojampa, waya wofiira ayambe pa (+) ya batire lakufa, apite pa (+) ya batire lamoyo. Wakuda achoke pa (–) ya lamoyo, ndipo mbali yake yomaliza igwire chitsulo cha injini ya galimoto yakufayo, kutali ndi batire. Pochotsa muyambe ndi amene munamaliza naye. Batire lotupa kapena long'aluka lisajampidwe. Galimoto ya otomatiki silira ndi kukankha, musavutitse anansi pachabe. Amene muli ndi magalimoto a hybrid monga Toyota Aqua ndi Prius, musakhudze mawaya a mtundu wa lalanje, chifukwa magetsi ake angathe kupha munthu. Asidi akagwera m'maso kapena pakhungu, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi zosachepera 15, kenaka thamangirani ku chipatala.

Pogula latsopano ndi potaya lakale

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Musanalipire, pemphani kuti ayeze batire lakale ndi alternator yomwe. Ngati n'zoona kuti lafa, gulani lolingana ndi galimoto yanu. Pa mabatire a magalimoto a ku Japan pamalembedwa nambala monga 55B24L. Chilembo chomaliza, L kapena R, chimasonyeza mbali imene mitu yakhala, ndipo mukalakwitsa mawaya safika. Funsani tsiku limene linapangidwa, ndipo sungani lisiti ndi kalata ya chitsimikizo.

Lakalelo musalisiye kuseri kwa nyumba kumene ana amasewera, ndipo musakhuthulire asidi pansi. Mzinda wa Lusaka wakhala pa miyala ya ming'alu, ndipo madzi ambiri amene timamwa amachokera pansi pomwepo. Za kuopsa kwa mtovu tili ndi phunziro pafupi: mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa m'chaka cha 1994, koma kufikira lero ana ambiri kumeneko amapezeka ndi mtovu m'magazi, umene umasokoneza kukula kwa ubongo. Bwezani batire lakale kwa ogulitsa. Ambiri amalilandira, ena amachotserako mtengo wa latsopano.

Zonsezi sizifuna maphunziro a umakanika, ndipo si za abambo okha. Amayi oyendetsa galimoto ndi achinyamata a pakhomo ayenera kuzidziwa, chifukwa tsiku la vuto silisankha amene ali panyumba. Sankhani Loweruka limodzi pa mwezi, tsegulani boneti banja lonse lilipo, ndipo mwezi wa May usanathe pitani kukayezetsa batire ndi alternator, chisanu chisanafike.