KUGULA GALIMOTO PA LAMYA: CENJERANI NDI CITHUNZI

Mwezi wa August ukamatha, anthu atabwerako ku Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, m'mabanja ambiri a ku Katete, Sinda ndi Vubwi mumakhala kandalama ka soya, nshawa ndi thonje. Ndiyo nyengo imene bambo ndi mai amayamba kunong'onezana za kagalimoto konyamula mbeu, thalakita yakale, kapena ngolo yokokedwa ndi galimoto m'malo mwa cikocikale cimene cafooka. Akuba nawonso amaidziwa bwino nyengo imeneyi.

Macitidwe awo sasintha kwenikweni. Amatenga zithunzi za Canter kapena Toyota ya mwini wake, naziika pa Facebook kapena pa WhatsApp ndi mtengo wotsika modabwitsa. Mukaimba lamya, amakuyankhani mwaulemu, mwina ndi dzina la Mulungu pakamwa. Galimotoyo, akuti, ili ku Nakonde kapena ku Dar es Salaam, ndipo wina afuna kuitenga mawa. Tumizani kangacepe pa Airtel Money kapena MTN kuti akusungireni. Mukatumiza, pabuka za msonkho. Mukalipira msonkho, pabuka za mafuta ndi dalaivala. Tsiku limene mudzati ndalama zatha, lamya yawo idzazima. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tisaganize kuti onyengawa ndi anyamata a pamsika cabe. Mu April 2024 boma linagwira anthu 77 pa kampani ya Golden Top Support Services ku Roma mu Lusaka, pamodzi ndi ma SIM kadi oposa 13,000. Mu June caka comweco khoti linagamula atsogoleri awo kukhala m'ndende zaka 7 mpaka 11. Mlandu wawo sunali wa magalimoto, koma unationetsa kuti cinyengo ca pa intaneti ciri ndi maofesi ndi anchito olipidwa, ndi kuti nambala ya lamya si umboni wa ciri conse.

Tsono tikulangizani, Akristu anzathu, kuti musapereke ngakhale ngwee imodzi musanaigwire galimotoyo ndi manja anu. Pitani masana, awiri kapena atatu, mmodzi akhale makanika amene mwasankha inu, osati amene wogulitsa wakupezerani. Pemphani buku loyera, limene tonse timalicha "white book", lenilenilo osati cithunzi cake. Dzina lolembedwamo lifanane ndi la pa citupa ca wogulitsayo, ndiponso ndi dzina limene lituluka pa lamya musanatumize ndalama. Akati galimoto ndi ya mlamu wawo, mlamuyo abwere. Pambuyo pake makanika apukute pamene anadinda nambala ya chasisi ndi ya injini, muwerenge cilembo cimodzicimodzi molinganiza ndi bukulo. Ngati pamalopo paoneka popala, powocerera kapena penti watsopano, tsazikani.

Mapepala amapangidwa ndi akuba, koma kaundula wa boma sanama msanga. Bungwe la RTSA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la pamseu la 2002, ndilo limasunga maina a eni magalimoto ndi ngolo zawo, ndipo liri ndi ofesi ku Chipata. Apolisi amafufuza ngati galimoto inabedwa kuno kapena kunja. A ZRA amadziwa ngati msonkho wake unalipidwa. Izi nzofunika koposa kwa ife okhala pafupi ndi malire a Chanida ndi Mwami. Galimoto ikapezeka kuti ndi yobedwa, apolisi amaitenga, ndipo wogulayo amatsala wopanda galimoto ndi ndalama zomwe, mwinanso ndi mlandu pamutu. Wogulitsa woona sakana kupita nanu ku maofesi amenewa. Ena amadandaula za ndalama ya basi. Ife tiona kuti ulendo wa ku Chipata ndi wochipa kuposa zokolola za zaka zitatu.

Ngolo ya galimoto ambiri amaipeputsa, ati ndi citsulo cabe. Nayonso imalembetsedwa, ndipo iyenera kukhala ndi nambala ndi mapepala akeake.

Oitanitsa galimoto ku Japan alipire ku akaunti ya kampaniyo kudzera ku banki, osati ku dzina la munthu. Onyenga amatsanzira masamba a makampani odziwika, nasintha cilembo cimodzi pa dzina.

Amene wabedwa kale asacite manyazi kunena ku Mphakati, pakuti nambala yomweyo ikuimbiranso mnansi wake. Asafafanize mauthenga a pa lamya. Apite nawo tsiku lomwelo ku polisi ndi ku kampani ya lamyayo, pamodzi ndi nambala imene anatumizako ndalama ndi nthawi imene anazitumiza.